Tabo ya Atsibweni

Munthu akabwera yekha kupolisi kudzavomera kuti wapha, atavala malaya osita ngati wa kwaya, Sajeni Ottilia Mvula ankayamba wamukayikira. Zaka zonse zimene anagwira ntchito pa Katete anali asanaonepo wopalamula waulemu. Enieniwo amabwera mochita kukokedwa, akutukwana, ena atanyowetsa ndi buluku lomwe. Koma uyu, Fabiano Mbewe, anafika m'mawa, nagogoda, navula chipewa, n'kunena kuti ndi iye amene anagunda mayi uja pa mlatho wa Kanjoka.

Mayiyo anali Idah Kamanga. Ankachokera kuchigayo atasenza ufa, pa msewu wafumbi wochokera ku Vubwi, ndipo galimoto inamuwomba n'kumusiya pomwepo ngati galu. Za galimotoyo panalibe wofunsa. M'dera lonselo inalipo imodzi yokha yoimba likhweru ikamakwera chitunda: fobaifo yakale ya a Gibson Sakala, ogula soya ndi mtedza m'midzi. A Gibson anali atsibweni ake a Fabiano, obadwa mimba imodzi ndi mayi ake. Chiikitsireni tabo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini kuti izikoka mwamphamvu, galimotoyo inkamveka isanaoneke, moti ngakhale nkhuku za m'mbali mwa msewu zinkaidziwa.

Nkhani ya Fabiano inali yosalala kwambiri, yopanda ndi mfundo yomwe. Anati ankachokera ku Vubwi yekha ndi matumba a soya, potsetsereka pa Kanjoka anagunda munthu, mantha anamugwira, ndipo sanaime. Ottilia anamufunsa mbali imene mayiyo anatulukira. Iye anayang'ana pansi. Anamufunsa mtundu wa chitenje chimene anavala. Anati sanauone. Anamuuza kuti ayambirenso, ndipo anabwereza mawu omwe aja osasintha ndi limodzi lomwe, ngati wa kalasi ya ubatizo.

"Ukudziwa kuti Lolemba ukaimirira kukhoti?" anatero Ottilia. "Kupha munthu n'kuthawa si mlandu wa mbuzi yodya chimanga. Ndamva kuti mkazi wako ndi woyembekezera. Mwanayo adzayamba sukulu iwe uli m'ndende."

"Ndikudziwa, amayi. Ndine ndinagunda. Sindinaime."

Anamutsekera m'chitokosi, poti lamulo ndi lamulo, koma mtima wake unakana kukhala pansi. Zinaoneka kuti kuseri kwa nkhaniyi kuli nkhanga zimene zinapangana kusanache, ndipo iye sankakonda kupusitsidwa ndi anthu ogwada.

* * *

Pa Kanjoka msewu umatsetsereka mpaka pa kamlatho, kenako n'kukwera chitunda tsidya linalo. Ottilia atafikako, ufa wa Idah unali ukadali mbee mumchenga. Amene anafika poyamba pangozi anali mayi Cecilia Mwale, a dimba la nzimbe kumunsi kwa mlathowo, munthu wathupi, wapakamwa posapuma. Sanayambe ndi ngozi ayi. Anayamba ndi mawondo awo, kuti amatupa, kuti kuchipatala amangowapatsa panado ngati akudwala mutu, kuti mpongozi wawo ndi waulesi. Ottilia, amene kudikira sikanali kake, anachita kutafuna nzimbe kuti asawadule.

Pomaliza anafika pa nkhani. Masana amenewo iwo ankasamba kuseri kwa bango, pamalo pa amayi. Anamva likhweru lija likutsika, kenako kugunda, kenako beseni likugubuduka pamlatho. Idah anakuwa. Ndiye galimoto inaima.

"Inaima?" anafunsa Ottilia.

"Nanga ine ndine gonthi? Inaima apo pachitunda, koma injini osazima ayi. Imangolira guduguduu, Idah naye akulira, akuitana. Ine mumtima ndinati zikomo, woyendetsayo akumunyamula. Ndiye ndinayamba ndachotsa sopo m'maso, ndivale, ndikwere gomboli ndi mawondo angawa."

Ottilia anafunsa kutalika kwa nthawi imene injini inalira. Mayi Cecilia anati munthu akanatha kuimba nyimbo ya m'buku ndime zake zonse, osadumpha. Nthawi yonseyo chitseko sichinamveke. Chinamveka injini itazima. Panali zii pang'ono, kenako chitseko chinamvekanso, injini, likhweru, basi. Iwo potulukira pamsewu anangoona fumbi. Idah anali moyo, magazi akutuluka pantchafu ngati pampopi, akufunsa kuti mwana wake wamng'ono akamutenga ndani kwa aneba. Anthu asanamange ng'ombe pangolo, Idah anatsirizika pamiyendo pa mayi Cecilia.

"Ndikanadziwa kuti munthuyo wangokhala m'galimoto," anatero mayi Cecilia, pakamwa paja patachepa, "ndikanakwera wamaliseche."

Ottilia anakwera chitundacho pang'onopang'ono akuyang'ana pansi. Mapazi a anthu anali atafufutidwa ndi ng'ombe, koma chapakati anapeza madontho a oilo ataunjikana malo amodzi, ndi pomwe matayala anadinda mozama. Galimoto inaimadi. Ndiye kuti Fabiano ananama pa chinthu chokhacho chimene chikanamupeputsira mlandu. Wakuba amanama kuti apulumuke, koma wonama kuti amire ndi amene sakudziwa zimene zinachitika chifukwa panalibe. Funso limene linamuvuta tsopano linali lina. Ndi munthu wanji amene amagunda mnzake, naima, n'kukhala phee pampando mnzakeyo akulira?

* * *

Yankho analipeza kuseri kwa msika wa Katete, pansi pa mtengo wa mango pomwe Alick amakonzera magalimoto. Alick ndiye anaika tabo ija, ndipo ankainyadira ngati mwana wake woyamba. Kumufunsa funso limodzi kunali ngati kuboola thumba la chimanga.

Anati galimotoyo isanafike kwa iye inali nkhalamba yeniyeni. Pa zitunda za ku Vubwi ngolo za ng'ombe zinkaipitirira, abusa a mbuzi akuikuwiza. A Gibson zinkawadya mumtima, munthu wodziwika kumasekedwa pamsewu. Tsiku limene anaiyesa itaikidwa tabo anatsika misozi ili lengelenge, namugulira Alick nkhuku yowotcha yathunthu. Kuyambira pamenepo aliyense wokumana nawo, kaya pamaliro kaya potuluka m'tchalitchi, ankayenera kumva za tabo, kufuna asafune.

"Manje madamu, tabo ili na lamulo imodzi chabe," anatero Alick m'Chinyanja chake cha m'tauni, akupukuta manja pa ovolosi. "Ikathamanga imapya maningi. Ukazimya injini pamene apo, oilo ileka kuyenda, tabo yapsa, yasila. Ufunika kuyembekeza, injini izilira payeka, izizile. Ba Sakala ninabauza kamodzi chabe. Baisunga kupambana malamulo khumi."

Nanga Fabiano? Alick anaseka mpaka kutsamira galimoto. Anati ameneyo ndi mutu wa nkhuku, amazima injini ngati akuzima wailesi. Sikuti ndi mwano ayi, koma dzanja linazolowera injini yakale, likangofika limapita lokha pa kiyi. Tsiku lina atsibweni ake anamuwomba khofi pamsika pomwepa, pamaso pa amayi ogulitsa tomato, chipewa n'kugwera m'matope. Sabata yotsatira Fabiano anabwerezanso zomwezo.

Ottilia anafunsa ngati munthu sangatsike n'kusiya injini ikulira. Alick anapukusa mutu. Pa galimoto ina inde, koma osati imeneyo. Handibuleki yake inafa kalekale, ndipo a Gibson anakana kuikonzetsa, ati handibuleki siwonjezera liwiro. Pachitunda panali njira ziwiri zokha: kuigwira ndi phazi pa buleki, kapena kuzima injini n'kuisiya m'giya.

Ottilia anachiona chinthucho bwinobwino ngati analipo: munthu atakhala pampando, phazi pa buleki, khutu lina likumva mayi akulira, linalo likumvetsera injini. Kuti atsike anayenera kuzima, kuti azime anayenera kudikira, ndipo anadikira.

* * *

A Gibson Sakala sanavute kuwapeza. Chigwirireni apolisi galimoto yawo, iwo ankabwera kupolisi tsiku lililonse, n'kuyamba aizungulira ndi kansanza, kuipukuta magalasi, kenako n'kufunsa za mphwawo. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu ofewa, mkulu wa mpingo. Za tsiku la ngozi anali atanena kale kuti anali chigonere ndi malungo, ndipo akazi awo anavomereza. Bokosi la Idah anagula ndi iwo. Kumanda analankhula mawu amene analiza amayi ambiri, za ana a masiku ano osamva kamwana.

Ottilia anawauza kuti asanapite kukhoti ayenera kumva mmene galimotoyo imayendera pamsewu, koma papolisi palibe amene angayerekeze kuigwira. Nkhope ya a Gibson inawala ngati auzidwa kuti apambana mpikisano. Analowa, nasisita chiwongolero, ndipo anatulukira pa msewu wa tala molunjika ku Sinda.

Ayi ndithu, galimotoyo inkathamanga. Ataponda mafuta, likhweru lija linayamba pansipansi n'kukwera, msana wa Ottilia n'kukanikizika pampando. A Gibson ankaseka ngati mwana. Anati akanadziwa akanaiika kalekale. Anati ena amadandaula kuti tabo imamwa mafuta, koma mkazi wabwino sumuwerengera chakudya. Anati ulendo wa ku Vubwi umene unkawathera tsiku lonse tsopano amabwerako dzuwa likadali pamutu, atasenza katundu mpaka kudenga. Ottilia atatchula Fabiano, anatsitsa mawu, nati mwana wa mlongo wawo ndi mwana wawo, anamulera ndi iwo, ndipo mkazi wake sadzagona ndi njala nthawi yonse imene adzakhale m'ndende. Analankhula zimenezi ngati nkhani yotha kale, kenako n'kubwerera ku tabo.

Pobwerera, Ottilia anawalozera kanjira kokwera kuseri kwa polisi, nawauza kuti aime pakati pa chitunda. Anaima, phazi pa buleki. Iye anati azime msanga, ali ndi ntchito yambiri. A Gibson anaimika chala.

"Dikirani pang'ono, izizire."

"Nanga munthu atakhala kuti akukuitanani panjapo?"

"Munthu amadikira, a Sajeni. Chitsulo sichimva pepani."

Anaseka okha. Kenako kuseka kuja kunauma. Anatembenuka n'kumuyang'ana Ottilia, iyenso anawayang'ana, injini ikulira pakati pawo. Thukuta linatuluka pamphuno pawo. Anadziwa kuti Ottilia wadziwa. Koma abale inu, ngakhale pamenepo dzanja lawo silinapite pa kiyi. Anadikira mpaka nthawi yawo itakwana, ndipo pokhapo anazima, nalowetsa giya.

Ottilia anatsika mano ali gwa. Chizolowezi si mboni. Palibe woweruza amene angamange mkulu wa mpingo chifukwa chokonda injini yake, pamene wina wagwada akuti ndapha ndine. Chimene chinatsala chinali pakamwa pa Fabiano, ndipo Lolemba linali pafupi.

* * *

Loweruka masana, nthawi yoona omangidwa, pabenchi ya panja panakhala mayi wamng'ono thupi, wa manja ong'aluka, atafungata dengu lovundikira ndi nsalu. Anali mayi Rose, amake Fabiano, ochokera kumudzi kwawo cha ku Sinda. Ottilia anawapatsa moni, nawauza kuti adikire pang'ono, n'kulowa kukatulutsa mwana wawo kuti alankhule naye muofesi.

Sanamukalipire. Anangomufotokozera zimene mayi Cecilia anamva ali kuseri kwa bango, mwatsatanetsatane, osabisa kanthu: kulira kwa Idah, injini yosazima, chitseko chosatseguka, ndi funso la mwana wosiyidwa kwa aneba. Anamuuzanso zimene adokotala ananena, kuti bala linali la pantchafu, ndipo munthu akanalimanga ndi nsalu n'kumuthamangitsira kuchipatala pa galimoto yothamanga ngati imeneyo, Idah akanakhala moyo.

Fabiano anadzutsa mutu koyamba chibwerereni.

"Anali moyo? Atsibweni anati anafera pomwepo. Anati sanamve ndi ululu womwe."

Ndiye zonse zinakhuthuka. Anati mbumba yonse inakhala pansi tsiku lotsatira ngoziyo. A Gibson analira pamaso pa alongo awo, nati Satana anawadutsa pamsewu. Akuluakulu anayamba kuwerengetsa: feteleza wa banja lonse amagula ndani, ana asukulu amawalipirira ndani, maliro akagwa amathamanga ndani. Mtengo waukulu ukagwa mbalame zimabalalika. Wachinyamata akalowa m'ndende amatuluka akadali ndi mphamvu, koma munthu wamkulu amakafera komweko. Palibe amene anamufunsa Fabiano maganizo ake. Anamuphunzitsa zokanena, akazi a atsibweni n'kumusitira malaya. Iye anavomera poganiza kuti akusenza tsoka limene lingagwere aliyense woyendetsa galimoto. Zoti akusenza munthu wosiyidwa akulira chifukwa cha kachitsulo, zimenezo sanamuuze.

"Tsiku limenelo unali kuti?" anafunsa Ottilia.

"Kumunda, ndi amayi. Tinkazula mtedza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tinalipo awiriwiri. Afunseni, ali panjapo. Amayi sanganame ine ndili pomwepo."

Mtima wa Ottilia unapepuka, ndipo anakondwa, kukondwa kwenikweni. Anatsegula chitseko n'kuwaitana mayi Rose. Iwo anakana mpando, nakhala pansi pafupi ndi khoma, dengu lili pambali. Ottilia anawalankhula mofatsa, ngati mmene akanalankhulira mayi ake omubereka. Anawauza kuti mwana wawo wanena zoona, kuti iye akudziwa kale amene anayendetsa galimoto, ndipo chotsala ndi mawu awo okha. Akangonena kumene mwanayu anali tsiku limenelo, Lolemba sakaimirira ngati wakupha, ndipo mdzukulu wawo adzabadwa bambo ake ali pakhomo.

Mayi Rose anamuyang'ana Ottilia m'maso.

"Tsiku limenelo kumunda ndinali ndekha, a Sajeni. Mwanayu anapita ndi galimoto."

"Amayi," anatero Fabiano, motsitsa ngati akuwadzutsa kutulo. "Si munati msana ukupweteka, ine n'kukuuzani kuti mukhale pamthunzi? Si ndinamaliza mizere yanu ndine?"

"Ukusokoneza masiku, mwana wanga."

Mawu awo sananjenjemere, ndipo ndi chimene chinamupweteka Ottilia koposa. Anafuna kuwagwira mapewa n'kuwagwedeza mpaka choonadi chigwe. Anawaopseza kuti kunamiza apolisi ndi mlandu, anawakumbutsa za Idah ndi ana ake, anawafunsa ngati mimba ya miyezi yonse ija anasenzera mlongo wawo. Iwo anangoti ali ndi ana ena kunyumba, ndi adzukulu, ndipo onsewo amadya. Sanaonjezerepo kanthu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa banja limeneli unali m'manja mwa a Gibson.

Atatero anavundukula dengu lija, natulutsa kambale ka mtedza wauwisi wowiritsa, n'kukakankhira kwa mwana wawo. Anamuuza kuti adye, waonda. Anaimirira, nakonza chitenje, natsanzika Sajeni mwaulemu wonse, n'kutuluka osacheuka.

Ottilia anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Fabiano. Anamuuza kuti mlandu sunathe, kuti mayi Cecilia alipo, Alick alipo, madontho a oilo alipo, ndipo iye akakana mlandu kukhoti n'kunena zimene wanena muno, pali poyambira. Koma anamuuzanso mosabisa kuti mayi ake adzaitanidwa, adzalumbira, ndipo iye adzayenera kuwatsutsa.

Fabiano sanachotse maso pa kambale kaja. M'makoko mwa mtedzawo munali mukadali dothi lofiira la kumunda kwawo.

"Ndikaimirire pamaso pa anthu," anatero, "ndikanene kuti amayi anga ndi abodza?"

Fabiano anakankhira kambale kaja kwa Ottilia, napempha kuti akagawire anzake a m'chitokosi, poti iye mtedza umenewo sangaumeze. Kenako anaimirira yekha, n'kukadikira pachitseko kuti amutsekere.